Khadi Limene Belmira Anaotcha ku Mpadue

Inu amene mukufuna nkhani yokukwezani mtima, ndikuchenjezenitu kuti iyi iyamba yakugwetsani kaye. Ine ndilibe nkhani za munthu amene lero akugulitsa mandasi, mawa wagula galimoto. Ndili ndi ya Belmira, mayi wa ku Mpadue mumzinda wa Tete, amene anaika mwamuna wake m'manda akudziwa kuti dzanja lake lomwe linathandizira imfayo.

Chinali chaka cha 1994. Nkhondo inali itatha, anthu akubwerera kwawo kuchokera ku Malawi, m'misewu muli nyimbo zokhazokha. Koma Belmira anali atakhala pansi pa mlambe kuseri kwa chipatala, atagwira nsalu imene anafunditsa mwamuna wake Horácio. Pansaluyo panali patamatirira khungu la mwamunayo. Sanalire n'komwe, anangokhala duu, dzuwa la ku Tete likumuotcha mapazi.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Belmira ndi Horácio anathawa nkhondo ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Isaura, n'kukakhala mumsasa wa othawa kwawo m'boma la Mwanza. Kumeneko bambo ndi mwana onse anadwala chifuwa chachikulu. Atayamba kumwa mankhwala, matupi awo anatuluka matuza, milomo n'kutupa. Namwino wa pamsasapo, Mayi Chifundo, anazindikira msanga kuti mwa mapiritsi aja munali mtundu umodzi umene unkawawenga. Anauchotsa n'kuwapatsa ena, kenako anajambula mzere wofiira pakhadi la chipatala la aliyense.

"Mayi, kulikonse kumene mungapite, muziyamba mwaonetsa makhadi awa musanatsegule pakamwa," anatero namwinoyo.

Belmira sankadziwa kuwerenga. Anangokulunga makhadiwo m'pulasitiki n'kuwaika pansi pa thumba la zovala.

Malole obweza anthu atafika, palibe amene anafunsa ngati mankhwala anali atatha. Ndani angatsalire kumeza mapiritsi anzake akukwera lole yopita kwawo? Mudzi wawo ku Tsangano unali utapsa, m'minda muli mabomba okwirira, choncho anatsikira ku Tete kwa a Vicente, amalume ake a Horácio. A Vicente anali ogulitsa mbuzi, munthu wanthabwala, woseka mpaka kugwira m'mimba. Atawaona analira ngati mwana, n'kupha mbuzi yonenepa kuposa zonse m'khola.

Koma panali mwambo. Munthu amene wayenda m'njira za nkhondo, wadumpha mitembo, wagona m'dziko la eni, salowa m'nyumba asanasambitsidwe. Zovala ndi zonse zimene wabwera nazo zimaotchedwa, kuti mizimu ya m'njira isalowe naye pakhomo. Musafulumire kuseka, inu ophunzira. Mwambo umenewo unakhazika pansi mitima ya anthu ambiri amene mankhwala a m'botolo sakanawathandiza.

A Vicente anasonkha moto pabwalo. Zovala zinapita, mabulangete anapita, thumba linapita. Belmira anatsala ndi kapulasitiki kaja m'manja.

"Tiyu, nanga awa? Ndi a chipatalatu," anafunsa Belmira, poti ku Tete amalume amati tiyu.

"Make Isaura, chipatala kwathu kuno chiliponso," anayankha mokoma a Vicente. "Taonani chidindocho, chikunena kuti ndinu othawa. Mukufuna mwanayu akule anzake akumutcha refujiyadu? Ponyani, muyambe moyo watsopano."

Palibe amene anamulanda. Anaponya yekha. Pulasitiki inakwinyika, mzere wofiira uja unada, anthu n'kululuta.

Mvula isanagwe, chifuwa cha Horácio chinayambiranso, tsopano ndi magazi. Belmira anapita naye kukachipatala kakang'ono kamene ku Tete amati posito. Namwino wake anali mmodzi yekha, bambo wina wochokera kumwera kwa dzikolo, dzina lake Jacinto, amene sankamva Chinyanja. Isaura ndiye anamasulira, poti anaphunzira Chipwitikizi kusukulu ya kumsasa.

"Amayi, akuti kartau ya chipatala ili kuti?"

"Uwauze kuti inapsa. Koma uwauzenso kuti pali komprimidu ina imene imawawenga bambo ako."

"Akuti iti?"

"Yoyera. Yaing'ono."

Jacinto anatsegula kabati. Mapiritsi onse anali oyera, onse aang'ono. Panja mzere wa odwala unali utafika mpaka kumsewu. Kumbali ya Malawi kunalibe aliyense amene akanamufunsa, kunalibe nambala yoimba, kunalibe ngakhale dzina la munthu. Kumusiya Horácio osamupatsa kanthu kunali kumupereka kuchifuwa. Anamupatsa mankhwala amene ankapatsa aliyense.

Pasanathe mwezi, khungu la Horácio linayamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Zina zonse mwazimva kale.

Anthu asanaiwale maliro, Isaura anayamba kutsokomola. Apa ndiye Belmira anazingwa. Akapita naye ku posito, amupha ndi mankhwala. Akamusunga pakhomo, chimupha ndi chifuwa. Mwana ndi yemweyo, wina analibe.

"Tiyu, ndikupita ku Malawi kukafunsa dzina la komprimidu ija. Chonde, zivute zitani, mwanayu asapite ku posito mpaka nditabwera."

A Vicente anagwedeza mutu kuvomera. Chimwalirireni Horácio anali asanasekenso.

Belmira anakwera lole ya amalonda mpaka ku Zobwe. Chiphaso analibe, ndiye anadzera njira ya m'minda imene amayi ogulitsa tomato amadzera. Atafika pamene panali msasa, anapeza chimanga chitamera bwinobwino. Chimene chinatsala ndi mjigo wokha. Bambo wina amene ankapalira anamuuza kuti a bungwe loyendetsa msasawo anapakira zonse n'kumapita.

Anapita ku ofesi ina paboma. Anamuuza kuti mapepala ena anapita kunja ndi eni bungwe, otsalawo ali m'chipinda chodontha, ndipo chiswe chawerenga kale onse. Kalaliki wake sanadzutse n'komwe mutu.

"Mayi, inu ndinu a ku Mozambique. Nkhani zanu kuno zinatsekedwa."

Anayamba kuyenda chipatala ndi chipatala, kufunsa za namwino wotchedwa Chifundo. Tsoka lake, a Chifundo ku Malawi ndi ambiri ngati masau ku Tete. Anamuonetsa Chifundo wamwamuna, Chifundo wophika phala la odwala, Chifundo amene anali asanabadwe pamene msasa unkatsegulidwa. Ankagona m'makonde, akudya zimene anthu achisoni amupatsa, mtima uli kwa mwana.

Pomaliza anamupeza pakachipatala kena ka m'mapiri. Mayi Chifundo sanamukumbuke. Anthu anadutsa m'manja mwawo ndi ambirimbiri. Koma Belmira atatchula matuza, milomo yotupa ndi mzere wofiira, namwinoyo anaimirira.

"Mzere wofiira ndinkajambulira mankhwala amodzi okha."

Analemba dzina la mankhwalawo pakapepala, n'kukulungamo piritsi limodzi kuti akaonetse.

Belmira anabwerera akuthamangitsa lole ndi mtima. Atafika ku Mpadue anapeza nyumba ili zii, njinga ya a Vicente palibe. Mayi woyandikana nawo ndiye anamuuza. Isaura anasanza magazi n'kukomoka. A Vicente anadikira, n'kudikira, kenako anamunyamula panjinga kupita naye ku posito. Mwanayo anali atamwa kale mankhwala kwa masiku angapo.

Musanawaweruze mkuluyu, dzifunseni kuti mukanakhala inu mukanatani, mwana wa eni akufera m'manja mwanu.

Belmira anathamanga mpaka ku posito, n'kuika kapepala kaja m'manja mwa Jacinto. Jacinto anawerenga, anayang'ana piritsi lija, kenako anakhala pansi pasimenti, bambo wamkulu wovala zoyera. Anasiyitsa mankhwalawo nthawi yomweyo n'kufunafuna ena. Isaura sanafe. Koma zikope zake zinali zitatupa kale n'kumatana, ndipo pamene zilonda zinapola, ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi. Nkhope ya mayi ake sanaionenso.

"Ndinaotchetsa kartau, tsopano ndaotcha maso," anatero a Vicente ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Belmira sanawayankhe tsiku limenelo, ngakhale mwezi wotsatirawo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti apa anadzuka n'kumanga nsalu m'chiuno. Ayi, likanakhala bodza limenelo. Anagona pamphasa, osadya, osasamba. Akapita kukatunga madzi ankayang'ana mtsinje wa Zambezi nthawi yaitali kuposa mmene wotunga madzi amayang'anira. Anali atayenda ulendo wonse uja, yankho analipeza, koma anachedwa nalo. Ine pa zowawa zonse ndimaona kuti imeneyi ndiye yoposa.

Tsiku lina Jacinto anafika pakhomopo. Anakhala pamwala n'kuyamba kulankhula Chipwitikizi chapansipansi. Isaura anamasulira ali pamphasa, nsalu itamangidwa kumaso.

"Amayi, akuti si ife tokha. Akuti ena anafa chimodzimodzi iye osadziwa chifukwa chake, ndipo ena adakali pamzere. Akuti inu ndi amene mukudziwa njira ya kwa namwino uja."

"Uwauze kuti njira ndikuidziwa, koma miyendo ndilibe."

Isaura sanamasulire zimenezo. Anatembenukira kumene kunkachokera mawu a mayi ake.

"Miyendo ndili nayo ine, amayi. Inu muzingondigwira dzanja."

Umo ndi mmene zinayambira. Belmira anapitanso kukapempha Mayi Chifundo, ndipo pa tsiku la msika ku Zobwe anamwino awiriwo anakumana pansi pa mtengo pafupi ndi malire. Wina Chipwitikizi, wina Chichewa, pakati pawo mtsikana wosaona akutembenuza mawu. Mayi Chifundo anafotokoza za odwala amene anaoloka mankhwala asanathe. Jacinto anafotokoza za amene anabwerera ku Malawi kukakwatiwa kapena kukagwira ganyu. Anauzana kumene kwabuka chikuku, ndi midzi imene ana ake sanabaidwe katemera.

Anagwirizana zomakumana mwezi uliwonse. Nthawi ina Mayi Chifundo ananena kuti m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu mwayamba kolera. Jacinto anabwerera ku Tete n'kuchenjeza anzake, ndipo pamene malole anabweretsa matendawo, anapeza anthu atakonzeka. Matenda sasowa chiphaso pamalire. Chimene chinkasowa chiphaso ndi uthenga wokha.

Belmira anayesa kukauza akuluakulu kuti ntchitoyi aitenge ikhale yawo. Ku Tete anamuuza kuti imeneyo ndi nkhani ya maboma awiri, abwere mawa. Ku Mwanza anamuuza chimodzimodzi m'chilankhulo china. Mawa limenelo analitsatira mpaka nsapato zinatha.

Kenako kunabwera bungwe lina ndi galimoto yoyera. Anaikonda nkhaniyo kwambiri. Anagula kompyuta ndi wailesi yolankhulirana, anasindikiza malaya, msonkhano wa pansi pa mtengo uja n'kuusamutsira kuhotela. Kunkabwera anthu amene sanagwirepo wodwala chibadwire, akudya nkhuku n'kumaomba m'manja. Belmira ndi Isaura ankawaimika kutsogolo kuti ajambulidwe.

Nthawi ya bungwelo itatha, galimoto yoyera inapita. Kompyuta inazima tsiku lina, ndipo wodziwa kuikonza anali atapita ndi galimotoyo. Amene anazolowera kuhotela anakana kubwerera pansi pa mtengo. Chaka chomwecho Mayi Chifundo anawasamutsira kumpoto kwa Malawi. Belmira anapita ku Zobwe tsiku la msika, atagwira mwana wake dzanja, n'kudikira mpaka ogulitsa atalongedza katundu. Sikunabwere munthu.

Patangopita miyezi yochepa, ku Canongola, dera lina la Tete, kunamwalira mtsikana wina wochokera ku Malawi, khungu litasupuka. Belmira anapita kumaliroko. Apa ndiye analira, kulira kumene sanalire pa maliro a Horácio. Zaka zonse zija, maulendo onse aja, maso a mwana wake, zonse zinaoneka ngati madzi othira pamchenga.

Pobwerera anauza Isaura kuti basi, watopa.

"Amayi, ntchito ija sinali ya Mayi Chifundo, sinalinso ya azungu a galimoto," anatero Isaura. "Ife tinaimangirira pa anthu, anthuwo atachoka yagwa. Tiyeni tikaimangirire pa mpando. Mpando susamutsidwa."

Anayambiranso, kuyambira pansi penipeni. Anapita kwa namwino watsopano wa kumbali ya Malawi, amene sankawadziwa n'komwe. Anapitanso m'maofesi onse aja a bwerani mawa. Koma tsopano Belmira sankalankhula zambiri. Ankangoti, "Mwanangu, vula magalasi." Isaura ankavula magalasi ake akuda, n'kuima phee kutsogolo kwa tebulo la bwana.

"Aone, amayi," ankatero. "Ine sindingawaone, koma iwo andione."

Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankawatulutsa. Zinatenga zaka, ndipo sindikunamizani kuti zinali zaka zokoma. Koma m'kupita kwa nthawi akuluakulu a zaumoyo a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti kuuzana za odwala ndi za matenda kusakhalenso chifundo cha munthu, koma ntchito ya aliyense amene wakhala pampandopo. Wailesi imene bungwe lija linasiya anaipukuta fumbi. Anagwirizana kuti Lolemba lililonse m'mawa mbali ziwirizi zizilankhulana. Anapanganso khadi la zilankhulo ziwiri, ndipo mzere wofiira uja anausunga.

Isaura analembedwa ntchito yolankhula pawailesiyo. Belmira, amene sanapiteko kusukulu, analembedwa ntchito yoyenda m'mabairu, madera a mumzinda wa Tete, kufunafuna odwala amene aoloka malire, kuti asasiyire mankhwala panjira. Jacinto anachoka pa positopo, kunabwera wina, kenako winanso. Wailesi sinasiye kulira Lolemba.

A Vicente nawo anthu ankawaitanabe kukasambitsa obwerera mochedwa. Tsiku lina, moto uli lawilawi, mayi wina anatambasula dzanja kuti aponye khadi la mwana wake. Mkuluyo anamugwira pamkono.

"Ilo ayi, mama. Ilo limasamba ndi utsi wokha."

Analitenga, analizunguliza pamwamba pa utsi, n'kumubwezera. Akuluakulu ena anang'ung'udza kuti mwambo sutero. A Vicente anawayankha kuti amene akufuna kudziwa chifukwa chake apite akamuone mdzukulu wawo Isaura. Kuyambira pamenepo, ku Mpadue makhadi a chipatala anayamba kusamba utsi. Belmira atamva, anaphika chakudya n'kukawapatsa yekha a Vicente, koyamba chichitikireni zija.

Lolemba lina, wailesi inalira monga mwa masiku onse. Mawu a ku Mwanza anati banja lina likubwera ku Tete ndi kamtsikana kotchedwa Edite, kodwala chifuwa chachikulu, ndipo khadi lake lili ndi mzere wofiira. Isaura anatembenuza uthengawo m'Chipwitikizi, namwino n'kumva.

Banjalo linafika kumapeto kwa sabata, chimanjamanja. Chikwama chawo chinabedwa m'lole, khadi lili momwemo. Mayi wa mwanayo anafotokoza kuti pali mapiritsi ena amene amamuwenga mwanayo, oyera, aang'ono, koma dzina sakulidziwa.

Belmira anali ataima pakhomo la chipindacho. Anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa mayi wina.

Namwino anali atagwira kale botolo. Anafunsa dzina la mwanayo. Atamva kuti Edite, anabwezera botolo lija m'kabati n'kutenga lina.

Zinathera pomwepo. Panalibe woomba m'manja, panalibe wojambula. Mayi uja sanadziwe n'komwe chimene chamuphonya. Kamtsikanako potuluka kanamuyang'ana Belmira, n'kudabwa kuti mayi wamkulu akuliranji pakhomo la chipatala.

Madzulo Belmira anafotokozera Isaura zonse ali pakhonde. Atamaliza, Isaura anafunsa:

"Maso ake ndi otani, amayi?"

"Aakulu. Owala. Ngati ako aja."

"Ndiye asungidwa," anatero Isaura, n'kupapasa kufuna dzanja la mayi ake.

Belmira sanalemere. Horácio sanabwerere, maso a Isaura sanatseguke, ndipo madzi akatayika saoleka. Mpaka ukalamba wake, akamva fungo la pulasitiki yopsa ankatuluka m'nyumba. Ndikakuuzani kuti khama limabweza zonse, ndikhala ndikukunamizani.

Koma inu amene mwagwa chifukwa cha dzanja lanu lomwe, inu amene yankho munalipeza mochedwa, inu amene munamanga chinthu n'kuchiona chikugwa, tamverani. Kuchedwa kwanu kukhoza kukhala kufulumira kwa mwana wa munthu wina. Lirani ndithu, palibe akukuletsani. Mukatha kulira, pukutani m'maso, gwirani dzanja la amene watsala nanu, mubwerere pakhomo limene anakuuzani kuti mubwere mawa. Mtima wanuwo musauponye pamoto. Pali Edite wina amene ali m'njira.